Mankhwala Amene Ndinaba Kuntchito Anadya Manja a Amayi Anga

Amene anawononga manja a amayi anga ndine. Ndayambira pamenepo dala, chifukwa ndikayambira kwina ndiyamba kudziikira kumbuyo, ndipo khalidwe limeneli ndi lomwe linandigwetsa m'mavuto. Sindinawamenye ayi, koma chimene ndinachita chinawapweteka kuposa ndodo. Inu owerenga, makamaka anyamata anzanga amene simuchedwa kupsa mtima ngati ine, mverani zimene zinandionekera.

Amayi anga ndi namwino pachipatala china cha boma mumzinda wa Sheffield, ku England. Anandiitanitsa kuchokera kwa amalume ku Ndirande ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Sukulu ya kuno sindinapite nayo patali. Ana ankandiseka kalankhulidwe, ndipo tsiku lina mmodzi ndinamuthira chibakera pakamwa. Atandiimitsa kwa masiku ochepa, ine sindinabwererekonso. Kuwerenga ndimawerenga, koma pepala likatalika, lili ndi mawu akuluakulu a Chingerezi, mutu umanditentha. Ndiye ndinazolowera kungosaina, ndipo wina akandifunsa ngati ndamva, ndinkamukalipira kuti asaone manyazi anga.

Manja a amayi ankadziwika pachipatala chonse. Wodwala akakhala ndi mitsempha yobisala, achikulire aja ofooka amene aliyense wawabaya n'kulephera, ankaitana iwo. Ankangosisita ndi nsonga ya chala, kamodzi n'kamodzi, magazi atuluka. Manja amenewo ndi omwe anandikweza ndege, ndi omwe ankatisunga m'dziko lino.

Ntchito ndinaipeza kudzera ku ejensi, kampani yopezera anthu ntchito. Inali nyumba yopanda chikwangwani kunja kwa tauni, umatsika thiramu, kasitima koyenda m'misewu ya m'tauni, n'kukweranso basi. M'katimo munali akalulu oyera a maso ofiira, amene amayeserapo mankhwala a m'mafakitale pofuna kudziwa ngati angawotche khungu la munthu. Amameta ubweya pamsana, kamalo kochepa ngati chikhatho cha mwana. Amadontheza mankhwala pang'ono pakansalu, kukaika pamalo pometedwapo, n'kumanga bandeji. Pakatha maola anayi amamasula, kupukuta, n'kuyang'ana ngati pafiira kapena patupa. Ine ndinkaganiza kuti nkhani imathera pomwepo. Sindinkadziwa kuti amabweranso kudzayang'ana mawa lake, mkuja, ndi tsiku linanso. Zinali zolembedwa, koma ndani ankawerenga?

Ntchito yanga inali kutsuka makola, kusintha utuchi, kuthira madzi ndi chakudya, komanso kunyamula ndowa zachikasu za zinyalala kupita nazo kuchipinda chosungira zoti zikatenthedwe. Wondiyang'anira anali mzimayi wachizungu wa imvi, a Gillian. Akalulu onse ankawadziwa, ndipo ankalankhula nawo ngati ana. Ine ankanditchula kuti "lavu", kutanthauza wokondedwa, monga achitira anthu a kuno ndi munthu aliyense, koma khola likakhala ndi kadontho kamodzi ankandibweza kuti nditsukenso. Tsiku lina anandipatsa mulu wa mapepala kuti ndiwerenge, ati adzandifunsa mafunso. Ndinawaponya patebulo n'kuwauza kuti ndinabwera kudzakolopa, osati kudzalemba mayeso. Iwo anangoti, "Mapepalawa akuteteza khungu lako, lavu, osati langa." Ndinamenyetsa chitseko. Kuchokera tsiku limenelo moni wathu unali wa pamphuno.

Kunyumba nako kunali nkhani yake. Nyumba yathu ndi zija zomamatirana pamzere, pamtunda, ndipo uvuni tinaupeza wakuda bii ndi mafuta a anthu amene ankakhalamo kale. Lamlungu la sabata imene zinachitika izi inali nthawi ya amayi yolandira amayi anzawo achimalawi pamapemphero, ndipo ankafuna kuwawotchera nkhuku. Anali atandiuza kambirimbiri kuti ndikweche uvuniwo. Ndinayesa kamodzi ndi mankhwala a kushopu, sizinatheke, ndinasiya ndikutukwana.

Lolemba ndinamva ogwira ntchito akukambirana kuti mankhwala amene ankayesa tsikulo ndi ochotsera girisi m'makina. Masana ndikuthira madzi m'makola, a Gillian anamasula bandeji ya kalulu wa m'khola la nambala seveni. Ndinasuzumira. Khungu linali bwinobwino, losalala, osafiira ngakhale pang'ono. Papepala analemba ziro, ndipo ziro ndimamudziwa. Kaluluyo anangotembenuka n'kuyamba kudya udzu wake.

Nthawi yoweruka itayandikira, ndinapeza botolo la mankhwala aja m'ndowa yachikasu, lili ndi otsala pafupifupi theka. Linalibe dzina, koma nambala ndi zilembo basi. Mumtima ndinati, chinthu chochotsa girisi wa makina, chosawotcha ngakhale kalulu, akatenthe chabe pamene ife uvuni ukutizunza? Ndinathira m'botolo langa la juwisi n'kuliika m'chikwama. Palibe anandiona.

Nditafika kunyumba ndinaliika patebulo monyada, n'kunama kuti atipatsa kuntchito. Amayi analitenga, kulitembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti, "Mankhwala opanda dzina? Iwe, ine ndine namwino. Kuchipatala chinthu chopanda dzina timataya."

Inu owerenga, apa ndi pamene ndinalakwa kuposa pa kuba paja. Ndinawakalipira amayi anga. Ndinati chilichonse chimene ndingagwire ine kwa iwo n'chotaya. Ndinati ndaona ndi maso angawa, kalulu wa khungu lofewa ngati la khanda sanatekeseke, nanga manja awo okula ndi kuchapa pamwala ku Ndirande angatani? Ndinati akanakhala kuti wabweretsa ndi mwana wa ku yunivesite wa Mayi Kamanga, mnzawo wa kuntchito, bwenzi akululutira. Ndinati chiyambire kufika kuno sanandikhulupirirepo pa kanthu kalikonse. Ndinakankha mpando ndi mwendo, ndinaponya botolo pansi pa sinki, n'kuwauza kuti ndikwecha ndekha Loweruka, asandilankhulenso. Amayi anangodzutsa mpando uja n'kuuika m'malo mwake.

Lachiwiri iwo sanali pantchito. Ine tsikulo anandiika kumakina otsukira makola, ndiye kuchipinda cha akalulu sindinalowe. Nditabwerera cha m'ma faivi, ndinawapeza akundidikira pakhomo la khitchini akumwetulira. Anatsegula uvuni. Unali kung'anima ngati wa m'shopu. "Taonani mankhwala anu, bambo," anatero. "Ndinakukayikirani chabe." Panali patapita nthawi yaitali asananditchule kuti bambo. Ndinamva kukoma mpaka m'mafupa.

Anandiuza kuti anagwira maola awiri, atavala magolovesi akale amene ankakhala pansi pa sinki. Pamene tinkadya ndinawaona akukanda pakati pa zala. Nditafunsa anati n'thukuta la m'magolovesi, munanyowa m'kati. Sanadziwe kuti magolovesiwo anali ndi timabowo kunsonga. Ine ndinapitiriza kudya.

Lachitatu m'mawa ndinalowa m'chipinda cha akalulu ndi ndowa ya chakudya. Onse anathamangira kutsogolo kwa makola monga mwa masiku onse, kupatula wa nambala seveni. Anali atadzipanikiza pakona, akupuma mofulumira. A Gillian ndi dokotala wa ziweto anali ataima pomwepo. Nditayandikira ndinaona pamsana pake. Kamalo kosalala kaja kanali katatupa, kofiira moderako m'mbali, pakati poyera ngati nyama yofutsa, pakuchucha madzi.

Ndinafunsa ndi mawu amene sindinawazindikire kuti ndi anga, kuti kodi Lolemba paja sanalembe ziro? A Gillian anayankha osandiyang'ana: "N'chifukwa chake timabweranso, lavu. Mankhwala ena amaluma mochedwa. Dzulo panali patayamba kufiira. Zili m'mapepala aja." Dokotala anati nyamayo isavutikenso, aibaya jakisoni woipha lero lomwe. Ine m'mutu munkangozungulira chinthu chimodzi: apa panali kadontho, kadontho kokha. Amayi anali ataviika manja. Ndowa inandipulumuka, chakudya chinamwazika pansi ponse.

Mafoni saloledwa m'katimo, timasiya m'malokala. Kuti utuluke umayenera kuvula ovolosi, nsapato, chigoba cha kumutu, n'kudutsa zitseko ziwiri. Sindinaonepo zipi yovuta ngati ya tsiku limenelo. Nditatsegula foni ndinapeza Mayi Kamanga andiimbira kangapo. Ndinawaimbira.

"Iwe mwana, uli kuti?" anatero. "Mayi ako ali kuno kuchipinda cha ngozi." Anandiuza kuti amayi anadzuka zala zitatupa, koma anadzikakamiza kupita kuntchito. Atangopaka mankhwala aja osambira m'manja asanagwire wodwala, anakuwa mpaka anthu anathamanga. Matuza anali atatuluka m'zala zonse, ndipo mphete anachita kuidula ndi kachitsulo. Madokotala ankatsuka, koma ankafuna dzina la mankhwalawo, chifukwa ena amapitiriza kudya m'kati ngakhale pamwamba patsukidwe, ndipo aliwonse ali ndi kathandizidwe kake. Kenako Mayi Kamanga anatsitsa mawu: "Mayi ako akunama, ndikuwadziwa. Akuti anagula kushopu, botolo anataya, dzina aiwala. Namwino angaiwale dzina la mankhwala? Iwe ukudziwapo chiyani?"

Ndinadula foni.

Ndinakhala pabenchi m'chipinda chovulira chija, thukuta likutsika pamsana kunja kukuzizira. Ndisakunamizeni, choyamba kubwera m'mutu chinali kuthawa. Ndinaganiza za apolisi. Ndinaganiza za mapepala athu okhalira m'dziko lino, kuti mwina andikweza ndege n'kukatsika ku Chileka ndili wakuba. Ndinaganiza zolowa mu ofesi mwakachetechete kukaba pepala la mankhwalawo, koma ofesi inali yokiya, ndipo ngakhale ndikanalowa, ndikanadziwa pepala liti pa mapepala onse aja? Dzina lenileni la mankhwala linali kwa munthu mmodzi, yemwe ndinamumenyetsera chitseko.

Ndikatseka maso ndinkaona msana wa kalulu uja uli pa manja a amayi. Ndinkaona poyera paja pakukula, pakulowa, pakufika pafupa. Ndipo iwo ali gone pabedi, zala zikupsa, akunamiza madokotala a pachipatala chawo kuti mwana wawo asagwidwe. Mphindi iliyonse imene ndinkakhala pabenchipo inkadya nyama ya amayi anga. Mantha ngati amenewo sindinawamvepo, ndipo sindikufunira munthu aliyense, ngakhale mdani.

Ndinapeza a Gillian pakhonde akutuluka m'chipinda cha akalulu. Ngakhale pamenepo, inu owerenga, mkwiyo unafuna kunditsogolera. Pakamwa panabwera mawu oti cholakwa n'chawo, amasiyiranji mabotolo poti aliyense angatenge. Ndinawameza. Ndinagwada pansi monga tichitira kwathu, ndipo iwo anadabwa, anandigwira phewa kuti ndidzuke. Ndinanena zonse ndili chogwada, Chingerezi chikuthyokathyoka.

Ndinkayembekeza kuti akuwa. Nkhope yawo inangoyera. Anafunsa kuti zachitika liti, kwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso ngati amayi anavala magolovesi. Nditanena kuti anavala koma munalowa madzi, anatseka maso n'kunena kuti, "Ndiye kuti magolovesiwo anagwira ntchito ya bandeji ija. Anasunga mankhwala pakhungu." Anathamangira mu ofesi, munthu wamkulu ngati uja kuthamanga, anatulutsa pepala, anaimbira kuchipatala akuwerenga mawu ataliatali, kenako anatenga makiyi a galimoto yawo n'kundiuza kuti tiye.

Maloboti onse a mumzindawo ankaoneka ngati apangana kutiimitsa. Titaima pa ena, a Gillian anati, "Ukudziwa kuti ndiyenera kukanena kwa akuluakulu." Ndinati ndikudziwa. Anafunsa komwe kunali botolo, ndinati pansi pa sinki, m'botolo la juwisi. Anagwira chiwongolero mwamphamvu n'kufunsa ngati m'nyumbamo mumabwera ana. Pamenepo ndi pamene ndinakumbukira kuti Lamlungu amayi aja amabwera ndi ana awo, ndipo ana amatsegula paliponse.

Amayi tinawapeza atakhala pabedi, manja ali m'mwamba, namwino wina akuwathira madzi osalekeza. Zala zinali zonenepa ngati si zawo, matuza ena ataphulika, ndipo pa zala ziwiri za dzanja lamanja panali poyera paja, chimodzimodzi pamsana pa kalulu. Dokotala analanda pepala m'manja mwa a Gillian, analiwerenga ali chiimire, n'kuyamba kutuma anthu uku ndi uku.

Amayi anayang'ana mzungu wachilendoyo, kenako ine. Anafunsa m'Chichewa, "Wanena?" Ndinati ndanena. Anati, "Chitsiru iwe. Nanga ntchito yako?" Ndinati, "Amayi, ntchito n'zambiri. Manja ndi awiri okha." Pamenepo ndi pamene analira, ndipo sakanatha kudzipukuta misozi. Anawapukuta ndi Mayi Kamanga, akundiyang'ana ndi diso limene sindidzaliiwala.

Botolo lija anthu a kuntchito anakalitenga tsiku lomwelo. Ntchito inatha sabata yomweyo. Apolisi anandifunsa mafunso, ndipo nkhani inathera pa chenjezo lolembedwa, lomwe mpaka lero limanditsata ndikamafunsira ntchito. Lamlungu amayi a mapemphero anabwerabe. Nkhuku kunalibe. Anaimba n'kupempherera amayi amene anali m'chipatala, ine ndikuwathirira tiyi, uvuni uli pakona ukung'anima. Palibe ananditukwana, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanati anditukwane.

Dokotala anatiuza pambuyo pake kuti pepala lija linafika nthawi yabwino, zala zonse zinapulumuka. Komabe pa ziwiri zija anachita kutenga khungu la pantchafu n'kumatapo. Kwa milungu yambiri amayi sankatha kugwira kapu. Ndinkawamanga mabatani, kuwapesa, kuwamwetsa phala ndi supuni. Tsiku lina ndikuwamanga nsapato ndinawafunsa chimene anagwiritsira ntchito mankhwala aja pamene iwo eni anali atanena kuti ndi otaya. Anayankha kuti, "Unati sindinakukhulupirirepo. Ndinafuna ubwere upeze kuti ndakukhulupirira."

Mawu amenewo ndi omwe amandilepheretsa mtendere. Amayi anga sanapse chifukwa cha umbuli. Ankadziwa bwino lomwe. Anapsa chifukwa ndinawaopseza ndi ukali mpaka anasiya nzeru zawo kuti asunge mwana.

Anabwerera kuntchito patapita miyezi. Manja alipo, koma zala ziwiri zija sizimva bwino kunsonga, khungu lake ndi lonyezimira, ndipo nyengo yozizira limang'ambika. Masiku ano wodwala wa mitsempha yobisala akabwera, ndi iwo amene amapita kukaitana wina. Anandiuza zimenezi kamodzi kokha, akuseka, koma ine ndinatuluka panja.

Tsono inu owerenga, makamaka amene mukugwira maganyu a kukolopa m'mafakitale, m'zipatala ndi m'malabu oyesera mankhwala kunja kuno, chimene chaikidwa m'ndowa yotaya chisiyeni chipite. Tinazolowera kwathu kuti kutaya chinthu chotsala ndi tchimo, koma si zonse zotsala zili zotola. Musathire mankhwala m'botolo la chakumwa, ngakhale kwa tsiku limodzi. Ndipo musaone chinthu kamodzi n'kuyesa mwachidziwa. Anthu ophunzira aja amayang'ana msana wa kalulu masiku angapo asananene kanthu, ine ndinayang'ana mphindi imodzi n'kukalumbira pamaso pa mayi anga.

Ngati pepala likukuvutani kuwerenga, nenani. A Gillian akanandiwerengera, ndikudziwa tsopano. Manyazi a mphindi zisanu ndinawakana, n'kusankha manyazi a moyo wonse. Ndipo mukamakalipira munthu amene amakukondani, dziwani kuti mwina agonja, osati chifukwa mukunena zoona, koma chifukwa akuopa kukutayani.

Pano ndimagwira ntchito yolongedza katundu, ndipo kawiri pa sabata ndimapita kukalasi ya akuluakulu kukaphunzira kuwerenga. M'mawa uliwonse nyengo yozizira, amayi asananyamuke, ndimawapaka mafuta m'zala zija. Chubu chikakhala chatsopano ndimayamba ndawerenga kapepala kake mokweza, kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndikukakamira pa mawu ovuta. Nthawi zina basi imawasiya. Koma sandifulumizitsa. Amakhala pampando uja ndinaukankha, manja ali pamiyendo, kudikira kuti ndimalize.